Oposamu Akamabwerabwera Pakhomo: Zoyenera Kuchita ndi Zoyenera Kupewa

Munthu amene akukhala m'nyumba yokhala ndi bwalo kuseri ku United States, kaya ndi ku Indiana, ku Texas, ku Maryland kapena ku California, sachedwa kukumana ndi oposamu. Kawirikawiri kukumanako kumachitika usiku, pamene munthu watuluka kukataya zinyalala kapena pamene galu wayamba kuuwa mosalekeza kumpanda, ndipo tochi ikawala imaonetsa nyama ya nkhope yoyera, mphuno yosongoka, makutu akuda opanda ubweya ndi mchira wautali wosalala, itayasamula kukamwa n'kumachucha dovu. Kwa amene anakulira ku Malawi kapena ku Zambia, chimene chimabwera m'mutu ndi bwampini wokula mopitirira muyeso, ndipo dzanja limafulumira kufuna chibonga. Komatu oposamu sali m'gulu la makoswe. Ndi nyama yolerera ana m'thumba la pamimba monga amachitira kangaroo, ndipo ku United States ndi ku Canada ndi yokhayo ya mtundu umenewu. Wamkulu amalemera makilogalamu pakati pa 2 ndi 6, ndipo mano amene amaonetsa pofuna kuopseza ndi 50, oposa a nyama iliyonse yapamtunda yoyamwitsa ya kumeneko, ngakhale kuti sawagwiritsa ntchito kawirikawiri poluma munthu.

Mfundo imene ikhoza kukupulumutsirani ndalama ndi nthawi ndi yakuti oposamu ndi nyama yoyendayenda. Sakumba una wakewake ndipo sakhalitsa malo amodzi. Amagona masana pamalo aliwonse ouma ndi amdima amene wawapeza, ndipo pakapita masiku ochepa amasamukira kwina, pokhapokha ngati ndi wamkazi amene ali ndi ana kapena ngati kunja kukuzizira kwambiri. M'tchire ndi m'matauni momwe, ambiri sapitirira zaka ziwiri ali moyo. Choncho mukaona kuti vutoli likubwerera mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, dziwani kuti si nyama imodzi yomweyo imene yakusungirani mangawa, koma pakhomo panu pali chakudya kapena pogona pamene oposamu aliyense wodutsa amapapeza. Mukachotsa nyamayo n'kusiya chimene chinaikoka, ina idzabwera kudzalowa m'malo mwake. Zonse zimene zikutsatirazi zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Yambani mwatsimikiza kuti wolakwa ndi oposamu

Oposamu amayenda pang'onopang'ono ndipo sathawa msanga, motero ndiye amene amapezeka pamalo pamene nyama ina yaononga n'kuthawa kale. Bini yolemera imene yagwetsedwa, chivindikiro chake n'kutsegulidwa, kawirikawiri ndi ntchito ya rakuni (nyama ya mchira wamizeremizere, ya zala zotha kutsegula zinthu) kapena agalu, ndipo oposamu amangofika pambuyo kudzatola zotsala. Timaenje tating'onoting'ono tambirimbiri pa kapinga timakumbidwa ndi kanyimbi wa kumeneko pofunafuna mbozi zam'nthaka, ndipo kumadera akumwera monga Texas ndi Florida zimenezi amachitanso ndi armadillo, nyama ya chikamba cholimba pamsana. Waya wamagetsi wotafunidwa kudenga ndi ntchito ya agologolo kapena makoswe, pakuti oposamu satafuna matabwa kapena waya kuti adzitsegulire njira.

Njira yosavuta yodziwira ndi kuwaza ufa wosalala pansi, pamalo amene mukuwakayikira, dzuwa likamalowa, n'kukaona m'mawa. Phazi lakutsogolo la oposamu limasiya zala zisanu zotambasuka mbali zonse, ndipo lakumbuyo lili ndi chala chachikulu chopanda chikhadabo chimene chimaloza pambali, kutali ndi zinzake, chizindikiro chimene simungachisokoneze ndi cha nyama ina. Nthawi zina pakati pa mapaziwo pamaoneka kamzere ka mchira umene umakwekwereza. Ngati muli ndi kamera yapakhomo, ilozetseni pamalopo usiku umodzi kapena uwiri. Samalaninso ndi malangizo a pa intaneti onena za possum wa ku Australia ndi ku New Zealand, chifukwa imeneyo ndi nyama ina, ya mchira waubweya, imene ku New Zealand amaipha mwadala poteteza nkhalango, ndipo njira za kumeneko sizikukhudzani.

Akubwera usiku uliwonse pakhonde kapena pabwalo

Apa nkhani ndi chakudya, ndipo nthawi zambiri chakudyacho ndi cha mphaka kapena galu chimene chagona panja. Ziweto zidyere m'nyumba, kapena ngati zikudyera panja, mbale zichotsedwe ndi kutsukidwa kusanade, ya madzi yomwe. Bini ikhale ndi chivindikiro chothina, chomangidwa ndi lamba wa mphira ngati chimatseguka msanga, ndipo ndi bwino kuitulutsa m'mawa wa tsiku limene galimoto ya zinyalala imabwera kusiyana ndi kuisiya kumsewu usiku wonse. Zipatso zakugwa pansi pa mtengo zitoledwe madzulo aliwonse. Mbewu za mbalame zimene zimatayikira pansi zisesedwe. Mukawotcha nyama panja, chowotcheracho chitsukidwe pamodzi ndi kambale kamene kamalandira mafuta pansi pake, kamene anthu ambiri amakaiwala. Pa mulu wa manyowa pasatayidwe mafupa, mitu ya nsomba kapena mkute, ndipo amene anazolowera kukhuthulira zotsala zam'mbale kuseri kwa nyumba ayenera kusiya chizolowezi chimenechi.

Mukachita zonsezi, musayembekezere kuti nyamayo isiya kubwera tsiku lomwelo, chifukwa imapitiriza kudzayendera malo amene inazolowera kwa masiku angapo isanatsimikize kuti palibenso kanthu. Ngati papita milungu iwiri ikubwerabe, vuto likhoza kukhala kwa anansi, makamaka ngati pali wina amene amadyetsa amphaka osokera usiku. Zikatero palibe mankhwala ena koposa kukambirana naye mwaulemu kuti azidyetsa masana n'kuchotsa mbale. Ngati zimenezo zakanika, oposamu wongodutsa pampanda popanda kuima si vuto loyenera kutayira tulo, ndipo pa ulendo wakewo amadyako nkhono, mphemvu ndi mbewa zakufa.

Wakhazikika pansi pa nyumba, pansi pa khonde kapena kudenga

Ili ndilo vuto limene limafuna kuleza mtima, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa pochita zinthu zoyenera koma mosatsata ndondomeko. Nyumba zambiri za ku America zili ndi mpata pakati pa nthaka ndi pansi pa nyumba, ndipo makonde a matabwa ndi timashedi tosungiramo zipangizo timakhala tokwera pang'ono. Malo amenewa ndi ouma, amdima ndi ofunda. Oposamu sagona tulo ta nyengo yonse yachisanu monga zichitira nyama zina za kumeneko, ndipo makutu ndi mchira wake zimapsa ndi chisanu, motero kumadera ozizira amafunitsitsa malo oterewa. Zizindikiro zake ndi phokoso la kuyenda kolemera, kwapang'onopang'ono, kumene kumamveka kukangoda ndi m'bandakucha, fungo loipa, ndiponso masamba ouma ndi mapepala ounjikidwa pakona, zimene amanyamula atazikulunga ndi mchira.

Cholakwika chachikulu ndi kutseka dzenje masana, nyamayo ili m'kati. Imafera momwemo ndi njala ndi ludzu, ndipo fungo, ntchentche ndi utitiri wake zimalowa m'nyumba kwa milungu yambiri, kenako mumalipira munthu woti akwawe pansi pa nyumba kukachotsa mtembo. Choyamba tsono ndi kuzungulira nyumba yonse masana n'kupeza mipata yonse, kuphatikizapo timawindo tolowetsa mpweya tapansi timene sefa yake yang'ambika, pamene mapaipi amalowera m'khoma, ndi matabwa owola m'mphepete mwa denga. Mpata wa masentimita 8 okha ndi wokwanira. Tsekani yonse kupatula umodzi umene ukuoneka kuti ndiwo khomo lake lenileni. Pa khomo limenelo wazani ufa, ndipo m'dzenjemo ikani nyuzipepala yokwinya mosathinitsa. Mukapeza nyuzipepalayo itakankhidwira kunja, ndiye kuti m'kati muli nyama. Ikakhala osasunthika usiku utatu kapena unayi wotsatizana, kunja kuli kwabwino, ndiye kuti mulibe kanthu ndipo mukhoza kutseka. Mawu akuti kunja kuli kwabwino ndi ofunika, chifukwa kukazizira kwambiri oposamu amatha masiku angapo osatuluka.

Ngati sakusamuka yekha, chotsani zimene anadzera, zomwe ndi mdima ndi bata. Ikani nyali ya batire yowala kwambiri m'katimo, yosatentha kuti isayatse masamba, ndi wailesi imene ikuulutsa anthu akuyankhula, zonse zikhale zoyaka usana ndi usiku kwa masiku angapo. Njira ina ndi kuika kachitseko kotsegukira kunja kokha, kamene kamagulitsidwa kapena kupangidwa ndi waya, kuti nyamayo ikatuluka ilephere kubwereranso. Pano muyenera kuganizira za ana. Oposamu wamkazi amakhala ndi bere masiku 12 kapena 13 okha, ndipo ana amabadwa osakwana masentimita 2, n'kukwawira m'thumba mmene muli mawere 13. Amakhala m'thumbamo pafupifupi miyezi iwiri, kenako amayamba kukwera pamsana pa mayi wawo. Ubwino wake ndi wakuti nthawi yambiri mayiyo amayenda ndi ana ake, mosiyana ndi rakuni amene amawasiya pachisa, koma pali milungu ingapo pamene anawo akulirapo imene amatha kuwasiya m'malo ogona iye akapita kosaka. Choncho kuyambira February mpaka September, musanatseke komaliza, unikani m'katimo ndi tochi ndipo mvetserani ngati mukumveka kaphokoso konga kuyetsemula, kamene ana amaitanira mayi wawo. Mukakamva, dikirani milungu iwiri kapena itatu. Adzachoka onse pamodzi.

Potseka, gwiritsani ntchito waya wolimba wa timabowo ta masentimita osapitirira 1.3, umene m'masitolo monga Home Depot ndi Lowe's amautcha hardware cloth. Mozungulira khonde kapena shedi kumbani ngalande yakuya masentimita 30, khomerani wayayo kuthabwa lapansi ndi masikuluwu, mutsitsireni m'ngalandemo, ndipo kumunsi kwake mupindireni kunja masentimita enanso 30 musanakwirire. Wina angafunse chifukwa chokumbira chotere pamene oposamu sakumba. Yankho ndi lakuti kanyimbi ndi groundhog (nyama yonga gologolo wamkulu yokhala mu una) amakumba, ndipo iwo akatsegula njira oposamu amatsatira. Kudenga, dulani nthambi zimene zikukhudza kapena kuyandikira nyumba kuti patsale mpata wa mamita awiri, chotsani zomera zoyanga pakhoma, ndipo pachumuni ikani chivindikiro cha waya. Ngati nyumbayo ndi yalendi, lemberani mwininyumba uthenga wokhala ndi zithunzi za mipatayo musanakhome chilichonse, chifukwa kukonza nyumba ndi udindo wake ndipo zimene mwakhoma popanda chilolezo akhoza kudzakudulani pa ndalama ya chikole.

Mazira ndi anapiye akusowa m'khola

Pano oposamu sangaikiridwe kumbuyo. Amadya mazira, anapiye, ndipo nthawi zina amapha nkhuku yaikulu imene ili m'tulo. Waya wankhuku wamba uja, wa mabowo akuluakulu, ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, osati kuletsa chilombo kulowa, motero mawindo ndi mipata yonse ya khola iyenera kukhala ndi waya wolimba womwe uja. Tolani mazira madzulo, sungani chakudya cha nkhuku m'chitini chachitsulo chovindikira, ndipo tsekani chitseko cha khola dzuwa likangolowa, mutayamba mwaunika m'makona ndi m'zisa, chifukwa zimachitika kuti nyamayo yalowa kale chakumadzulo ndipo inu n'kuitsekera pamodzi ndi nkhuku. Loko wa chitseko akhale wofuna manja awiri potsegula, osati chifukwa cha oposamu koma chifukwa cha rakuni.

Walowa m'nyumba, wagwera m'bini, kapena wagona ngati wafa

Oposamu amalowa m'khitchini kapena m'galaja kudzera pa kachitseko ka mphaka kapena pa chitseko chosiyidwa chotsegula. Tsekerani agalu ndi ana m'chipinda china, tsekani zitseko zam'kati, tsegulani chotulukira panja, zimitsani magetsi n'kuchokapo. Akapanda kutuluka, mukhoza kumukankha pang'onopang'ono ndi tsache kapena kumuvindikira ndi bini yopanda kanthu, n'kulowetsa katoni pansi pake ndi kumukokera panja. Kuyambira tsiku limenelo kachitseko ka mphaka kazitsekedwa usiku. Akagwera m'bini yakuya, igonekeni cham'mbali kukada n'kuchokapo, ndipo akagwera m'dzenje la windo la chipinda chapansi, ikani thabwa lokhakhala motsetsereka kuti akwerepo.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi pamene galu wamugwira ndipo iye wagona cham'mbali, maso ali tong'o, lilime lili kunja, thupi litauma, ndipo kumbuyo kukutuluka madzi obiriwira onunkha ngati chinthu chowola. Sikuti akuchita dala. Ndi kukomoka kumene kumabwera kokha akachita mantha aakulu, ndipo kumatha mphindi zochepa kapena maola anayi. Musamukwirire, musamuike m'thumba la pulasitiki, ndipo musamuponye m'bini. Lowetsani galu m'nyumba ndi kusiya nyamayo pomwepo, kapena ngati ili padzuwa kapena panjira, isunthireni pamthunzi ndi fosholo. Mukabwerako pakapita maola angapo, nthawi zambiri mudzapeza palibe.

Za matenda

Munthu akaona dovu ndi mano amaganiza za chiwewe, ndipo kwa ife amene tikudziwa zimene galu wachiwewe amachita mantha amenewa ndi omveka. Komabe chiwewe sichipezeka kawirikawiri mwa oposamu, ndipo akatswiri amaganiza kuti chifukwa chimodzi ndi kutentha kwa thupi lake, kumene kumakhala pakati pa madigiri 34 ndi 36, kotsikirapo kuyerekeza ndi nyama zina zoyamwitsa. Dovu, kudzandira ndi kuyasamula ndi njira yake yoopsezera adani, ndipo kumuona masana si umboni wakuti akudwala, makamaka nyengo yachisanu kapena pamene wamkazi akuyamwitsa. Izi sizikutanthauza kuti mumugwire ndi manja. Mukalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndiponso ziweto zanu zikhale zobayitsa katemera.

Choopsa chenicheni ndi utitiri. Oposamu amanyamula utitiri wambiri, womwewo umene umakhala pa amphaka, ndipo ku Texas ndi kumwera kwa California, makamaka dera la Los Angeles, utitiri umenewu umafalitsa mtundu wina wa matenda a typhus chaka ndi chaka. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, mutu, kuphwanya kwa thupi ndipo nthawi zina zidzolo, zimene munthu wa kwathu angazitenge ngati malungo. Amachizika ndi mankhwala a doxycycline, koma dokotala ayenera kuuzidwa kuti pakhomo panali nyama zakutchire kapena utitiri kuti aganizire msanga za matendawa. Nyamayo ikachoka pansi pa nyumba, utitiri umatsala m'chisa ndipo umayamba kufunafuna magazi ena, choncho chotsani chisacho mutavala magolovesi ndi chophimba kukamwa, thirani mankhwala a utitiri pamalopo, ndipo agalu ndi amphaka apatsidwe mankhwala awo. Ndowe zinyowetsedwe ndi madzi a bulichi musanazitole. Amene amagwira ntchito m'makola a mahatchi adziwe kuti m'ndowe za oposamu mumapezeka kachilombo ka Sarcocystis neurona kamene kamaononga ubongo ndi msana wa hatchi, motero chakudya ndi udzu wa mahatchi ziyenera kukhala zovindikira nthawi zonse.

Mwina mwawerengapo kuti oposamu mmodzi amadya nkhupakupa 5,000 pa nyengo imodzi. Chiwerengero chimenechi chinachokera pa kafukufuku wa mu 2009 amene anachitika pa nyama zosungidwa m'zikwere, ndipo kafukufuku wina wa mu 2021 amene anaunika zam'mimba mwa maoposamu 32 a ku Illinois sanapezemo nkhupakupa ngakhale imodzi. Musamusunge pansi pa nyumba poganiza kuti akukutetezani ku matenda a Lyme, amene amafalitsidwa ndi nkhupakupa.

Msampha, poizoni ndi mankhwala onunkha

Kugwira oposamu mumsampha n'kosavuta, chifukwa amalowa m'chikwere chilichonse chimene muli chakudya cha mphaka, koma funso ndi lakuti mukamugwira mutani naye. M'zigawo zambiri lamulo sililola munthu wamba kusamutsa nyama yakutchire. Ku California, mwachitsanzo, nyama yogwidwa iyenera kumasulidwa pamalo pomwepo kapena kuphedwa mosazunza, ndipo ku Massachusetts nakonso kusamutsa nyama zakutchire n'koletsedwa. Kumene n'kololedwa, nyama yotayidwa kumalo achilendo kawirikawiri sikhalitsa moyo, ndipo malo amene yasiya pakhomo panu amadzazidwa ndi ina. Musanatchere, funsani ku ofesi yoona za nyama zakutchire ya chigawo chanu, ndipo kumbukirani kuti mumsampha womwewo mukhoza kupezamo kanyimbi m'mawa. Mukaganiza zoitana kampani, funsani ngati ili ndi chilolezo, ngati imatseka mipata ikachotsa nyamayo, ndiponso ngati imapereka chitsimikizo pa ntchito yotsekayo. Imene imangotchera msampha n'kulipiritsa pa nyama iliyonse imene yagwira idzabwera kwanu chaka chilichonse.

Poizoni musamuyese n'komwe. Palibe poizoni wovomerezeka wophera oposamu, ndipo wa makoswe woikidwa m'chakudya panja amapha agalu, amphaka, akadzidzi ndi nyama zina zodya mtembowo, ndiponso akhoza kukuikani pa mlandu. Timibulu tophera njenjete za zovala timene ena amamwaza pansi pa nyumba ndi toletsedwa kugwiritsa ntchito mwanjira imeneyo, mpweya wake umakwera m'zipinda zogona, ndipo ana amatitola poyesa maswiti. Mankhwala ena onunkha ogulitsidwa m'masitolo ndi timakina totulutsa phokoso losamveka kwa munthu sizithandiza kwa nthawi yaitali. Chimene chimathandizako pang'ono padimba ndi chothirira madzi chimene chimadziyatsa chokha chikaona chinthu chikuyenda.

Mwapeza mwana wa oposamu ali yekha

Mwana akagwa pamsana mayi wake sabwerera kudzamutenga, ndiye choyenera kuchita chimadalira kukula kwake. Muyeseni ndi maso kuyambira pamphuno mpaka pamene mchira wayambira. Ngati wapitirira masentimita 18 ndipo sakuoneka wovulala, ndi wamkulu mokwanira kudzisamalira ndipo musiyeni. Ngati ndi wocheperapo, muikeni m'katoni yokhala ndi timabowo, pa kansalu kofewa, pambali pake pakhale botolo la madzi ofunda lokulungidwa, ndipo imbirani anthu ovomerezeka osamalira nyama zakutchire, amene nambala zawo zimapezeka ku ofesi ya chigawo yoona za nyama kapena kwa dokotala wa ziweto. Musamupatse mkaka wa ng'ombe kapena madzi, chifukwa amatsamwa msanga, ndipo kumusunga ngati chiweto popanda chilolezo n'koletsedwa m'zigawo zambiri. Mukapeza wamkazi atagundidwa ndi galimoto kutsogolo kwa nyumba yanu m'miyezi yobereka ija, valani magolovesi ndi kuyang'ana m'thumba lake, pakuti ana amatha kukhalabe moyo m'menemo kwa maola ambiri mayi wawo atafa. Ngati akadali omata kumawere, musawakoke mwamphamvu. Ikani mayiyo ndi ana ake omwe m'katoni imodzi ndi kupita nawo kwa osamalira nyamawo momwemo.